Papa Francis atisiya: ife a zipembedzo zina tikakhuze bwanji?

LOLEMBA, 21 EPULO 2025

Bambo Likaka: Mwaswera bwanji nonse anansi a kuno ku Matawale. Nyumba zoulutsa mawu zikulengeza kuti Papa Francis amwalira m'mawa uno. Akatolika nonse muli pagulu lathu la pafoni lino, pepani ndi zovutazi. Ndachotsa kale mauthenga awiri omwe akanatiyambanitsa. Kumbukirani kuti pano pali Asilamu, a CCAP, a Seventh Day, a Anglican, a Pentekoste ndi a Mboni. A Kachingwe, inu ndinu katekisiti, tiuzeni zoona zake kaye anthu asanayambe kutumizirana zopeka.

Bambo Kachingwe: Zikomo a Likaka. Nkhaniyi ndi yoona. Atisiya nthawi ili 7:35 m'mawa ku Casa Santa Marta, nyumba ya alendo ya ku Vatican komwe amakhala chiwasankhireni pa 13 Malichi 2013. Anali ndi zaka 88. Walengeza ndi Kadinala Kevin Farrell, amene amagwirizira zapakhomo mpando wa Papa ukakhala wopanda munthu. Anagonekedwa m'chipatala cha Gemelli kuyambira pa 14 Febuluwale mpaka pa 23 Malichi chifukwa cha chibayo cha mapapo onse awiri. Dzulo lomweli pa Pasaka anaonekera pakhonde la tchalitchi cha St Peter's n'kudalitsa anthu, ngakhale uthenga wawo anawawerengera wina poti mawu samatuluka bwino. Dziwaninso kuti miyezi ino nthawi ya ku Rome ikufanana ndi yathu, ndiye mukamva kuti mwambo uyamba 10 koloko, ndi 10 koloko yomweyo ya kuno ku Zomba.

Abiti Saidi: Pepani a Kachingwe, pepani mayi Matewere ndi onse a mumphakati wanu.

Mayi Matewere: Zikomo Abiti. Tathokoza.

Tiyamike: Akuluakulu, funso langa lisakhumudwitse munthu. Ife a Pentekoste sitimuona Papa ngati mutu wa mpingo wa Khristu. Ndikalemba kuti "mzimu wawo uuse mumtendere", kodi sindikuvomereza chiphunzitso chomwe sindichikhulupirira?

Bambo Namate: Mwana wanga Tiyamike, wafunsa bwino, ndipo ndikuyankha ngati mkulu wa mpingo wa CCAP. Pali kupempherera wakufa, palinso kupepesa amoyo. Ife sitipempherera akufa. Timaphunzitsa kuti munthu akatsikira kuli chete nkhani yake ili m'manja mwa Mulungu, monga pa Ahebri 9:27. Anzathu Akatolika amapempherera akufa chifukwa amakhulupirira za Purigatoriyo, komwe amati mizimu imayeretsedwa isanalowe kumwamba, ndipo amatsamira pa 2 Amakabeo mutu 12, buku lomwe lili m'Baibulo lawo la mabuku 73 koma mu Buku Lopatulika la mabuku 66 mulibe. Kusiyana kumeneku n'kwa zaka mazanamazana, sitikuthetsa sabata ino. Koma chipepeso sichipita kwa Papa ayi. Chimapita kwa a Kachingwe, kwa mayi Matewere, kwa agogo aja ogulitsa tomato pamsika wa Chinamwali amene lero agwira kolona m'manja misozi ili chuchuchu. Aroma 12:15 akuti tilire nawo akulira, sananene kuti tiyambe tafunsa mpingo wawo. Ngati mawu oti "uuse mumtendere" akukuvuta, lemba kuti "Pepani ndi imfa ya mtsogoleri wanu, Mulungu akutonthozeni." M'mawu amenewo mulibe chiphunzitso cha wina aliyense.

Tiyamike: Ndamva bambo. Amenewo ndingathe.

Shehe Jafali: Assalam alaikum kwa Asilamu, moni kwa nonse. Anyamata angapo andifunsa kumbali zofanana ndi za Tiyamike, ndiye ndiyankhe poyera. Zomwe Msilamu sachita kwa munthu amene wamwalira asali Msilamu ndi ziwiri: kumuswalira swala ya jeneza (pemphero la maliro), ndi kumupemphera chikhululuko kwa Allah. Ma ulama, akatswiri a chiphunzitso cha Chisilamu, amatengera zimenezi pa Qur'an 9:113. Zomwe angachite ndi zambiri. Angathe kunena "Inna lillahi wa inna ilayhi raji'un", mawu a pa 2:156, chifukwa munthu aliyense ndi wa Allah ndipo adzabwerera kwa Iye. Angathe kupita kwa anamfedwa kukapepesa, kuwafunira kupirira, ndi kuyamikira zabwino zomwe malemuwo anachita. Pa 60:8 akutiloleza kuchitira zabwino ndi chilungamo anthu amene sakutimenya chifukwa cha chipembedzo. Ndipo m'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli hadith (nkhani ya zonena ndi zochita za Mtumiki) yoti maliro a Myuda ankadutsa, Mtumiki Muhammad (SAW) anaimirira, ndipo atauzidwa kuti ndi Myuda anafunsa ngati si mzimu wa munthu.

Che Mussa: A Shehe, nanga si Mtumiki anaswalira Najashi, mfumu ya ku Abyssinia? Si Mkhristu ameneyo?

Shehe Jafali: Che Mussa, chitsanzo chimenecho anthu amachigwiritsa molakwika. Ma ulama amati Najashi anali atalowa Chisilamu asanamwalire, n'chifukwa chake anaswaliridwa. Musachitenge ngati chilolezo. Pakulakwika ambiri ndi mbali ziwiri. Ena mofuna kuoneka aulemu amalemba duwa ya chikhululuko pansi pa chithunzi cha Papa, kenako Asilamu anzawo amawadzudzula pagulu, mkangano n'kubuka Akatolika akuonerera. Ena amaganiza kuti poti duwayo siloledwa ndiye ayenera kulemba kuti malemuwo ali kumoto. Palibe anapatsidwa udindo umenewo. Chiweruzo ndi cha Allah.

Abiti Saidi: Ndiwonjezere kuti Papa Francis Asilamu ambiri amawalemekeza pazifukwa zodziwika. Pa 4 Febuluwale 2019 ku Abu Dhabi anasainirana chikalata cha ubale wa anthu onse ndi Shehe Ahmed el-Tayeb, mkulu wa Al-Azhar, likulu la maphunziro a Chisilamu ku Egypt, ndipo Shehe ameneyo watumiza kale uthenga wachipepeso lero. Mu Novembala 2015 analowa mumzikiti wa ku Bangui, ku Central African Republic, nthawi yomwe Akhristu ndi Asilamu amaphana mumzindamo. Mu Malichi 2021 anakacheza ndi Ayatollah al-Sistani, mtsogoleri wa Asilamu a Shia, ku Najaf, ku Iraq. Ndipo uthenga wawo womaliza wa dzulo unapempha kuti nkhondo ya ku Gaza ileke. Munthu ukapepesa ungatchule zimenezi osanama ngakhale liwu limodzi.

Bambo Kachingwe: Madzulo ano Vatican yatulutsa chikalata cha dokotala. Chawatenga ndi sitiroko, anakomoka, kenako mtima unaleka kugwira ntchito. Uthenga womwe ukuzungulira woti anathiridwa mankhwala ndi bodza, musaufalitse.

LACHIWIRI, 22 EPULO

Bambo Likaka: Ndachotsanso chithunzi cha chipewa cha Papa cholembedwa 666. Amene munatumiza mukudzidziwa. A Nakhumwa, anthu akuti zikuchokera kumpingo kwanu, tayankhulanipo.

Bambo Nakhumwa: Ndiyankhula mosabisa monga mkulu wa mpingo wa Seventh Day. N'zoona kuti mpingo wathu umamasulira Danieli 7 ndi Chivumbulutso 13 mokhudza upapa. Sindibwera pano kudzanena kuti tasintha, sitinasinthe. Koma chiphunzitsocho chimanena za dongosolo la ulamuliro, osati za mtima wa munthu mmodzi, ndipo likulu lathu linalemba mu 1997 kuti mumpingo wa Katolika muli Akhristu oona mtima ambiri. Za chipewazo, mawu akuti Vicarius Filii Dei, omwe ena amati ali pachipewa cha Papa ndipo zilembo zake zimakwana 666, sali pamndandanda wa maudindo omwe Vatican imasindikiza, ndipo Papa Francis sanavalepo chisoti chachifumu, apapa anasiya kuchivala nthawi ya Paul VI. Chithunzicho n'chojambula pakompyuta. Kutumiza zotere tsiku lomwe anzako ali pachisoni si ulaliki, n'kusowa khalidwe. Za akufa, ife timati ali m'tulo mpaka kubwera kwa Yesu, Mlaliki 9:5, ndiye sitiwapempherera. Mawu omwe apereka a Namate dzulo ndi omwenso ife tingagwiritse.

Bambo Namate: Ngakhale ife a Presbyterian tili ndi mbiri yofanana. Chikhulupiriro cha Westminster, chikalata chakale cha chiphunzitso chathu, pa mutu 25, chimatchula Papa kuti wokana Khristu. Church of Scotland, amene anabzala mishoni ya Blantyre ndi Domasi, analengeza mu 1986 kuti sakugwirizananso ndi mawu amenewo. Ndipo mu Febuluwale 2023 Papa Francis anapita ku South Sudan limodzi ndi mtsogoleri wa Church of Scotland, Iain Greenshields, komanso Justin Welby wa Anglican. Atatuwa anayenda ulendo umodzi kukapempha atsogoleri a kumeneko kuti asiye nkhondo.

Bambo Kachingwe: Zikomo a Nakhumwa polankhula mwachilungamo. Ndondomeko ya maliro yatuluka, ndiifotokoze mwatsatanetsatane chifukwa ena akuifanizira ndi maliro a kwathu kuno n'kumadabwa.

Mawa Lachitatu thupi lichoka ku Santa Marta kupita m'tchalitchi cha St Peter's, komwe anthu adzaone nkhope mpaka Lachisanu madzulo. Bokosi lidzatsekedwa Lachisanu usiku. Asanatseke amaphimba nkhope ndi nsalu yoyera, amaikamo thumba la ndalama zachitsulo ndi mamendulo a nthawi ya upapa wawo, komanso chikalata chofotokoza moyo wawo chomwe amachipinda n'kuchiika m'kachubu kachitsulo. Misa ya maliro ndi Loweruka pa 26 Epulo, 10 koloko m'mawa, pabwalo la St Peter's, ndipo adzatsogolera ndi Kadinala Giovanni Battista Re, mkulu wa makadinala. Mudzaona ansembe atavala zofiira. Musadabwe, ndi mtundu wa maliro a Papa.

Pali zomwe iwo eni anasintha mu 2024. Kale Papa amaikidwa m'mabokosi atatu, lina mkati mwa linzake: la mtengo, la mtovu, ndi lina la mtengo kunja. Iwo anati limodzi lokha, la mtengo lokhala ndi zinki mkati. Kale thupi limagonekedwa pachiguwa chokwera, pano likhala m'bokosi momwemo. Ndipo sadzaikidwa pansi pa St Peter's ayi. M'chikalata cha zofuna zawo chomwe analemba pa 29 Juni 2022 anasankha tchalitchi cha Santa Maria Maggiore mumzinda wa Rome, manda a pansi opanda zokongoletsa, olembedwa liwu limodzi lokha, Franciscus.

Che Mussa: Masiku asanu thupi lili kunja? Kwa ife zimenezo n'zolemetsa.

Shehe Jafali: Kwa ife inde, Che Mussa, timasambitsa, kukulunga m'sanda, kuswalira n'kuika tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo sitionetsa nkhope pagulu. Koma umenewo ndi mwambo wathu. Iwo akudikira anthu ochokera m'maiko onse. Mukaonera pakanema musalembe zonyoza pansi pa zithunzi za thupilo, ndipo ndingapemphe kuti zithunzi za nkhope tisamaziponye pagulu pano, pali ana ndi ena omwe sizikuwayenera.

Mayi Matewere: Ndavomereza a Shehe. Ngakhale ife Akatolika zija zomajambulitsa pafupi ndi bokosi sitikondwera nazo.

Tiyamike: Koma ndinene chomwe ambiri akunong'ona. Si Papa yemweyu analoleza maukwati a amuna okhaokha? Kutchalitchi kwathu anthu akuti n'chifukwa chake sangapepese.

Bambo Kachingwe: Ndi bwino wafunsa poyera. Pa 18 Disembala 2023 ofesi yoona za chiphunzitso ku Vatican inatulutsa chikalata chotchedwa Fiducia Supplicans, Papa atavomereza. Chinanena kuti wansembe angathe kupereka mdalitso wachidule, wopanda mwambo, kwa anthu awiri omwe akukhala mosalongosoka, kuphatikizapo amuna kapena akazi okhaokha. Chikalata chomwecho chinabwereza kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo chinaletsa kuti mdalitsowo ufanane ndi ukwati pa zovala, mawu kapena nthawi. Ndiye ukwati sanaloleze. Komabe chinasautsa Akatolika ambiri mu Africa muno. Maepiskopi a m'Malawi anali m'gulu la oyamba kuyankha, mawa lake lomwe, kuti madalitso otere saloledwa m'dziko muno. Mu Januwale 2024 Kadinala Fridolin Ambongo wa ku Kinshasa analemba m'dzina la maepiskopi a mu Africa kuti sadzawapereka, ndipo kalatayo inatuluka Papa akudziwa. Ukaona maepiskopi omwewo lero akutsogolera mapemphero a maliro awo, uzindikire kuti kusiyana maganizo ndi munthu sikuletsa kumulira.

Tiyamike: Ine ndikuonabe kuti chikalatacho chinali cholakwika.

Mayi Matewere: Akatolika ambiri a mumphakati wathu amaonanso choncho, mwanawe. Koma akulira ndithu.

Bambo Kaunde: Ndine wa Anglican, ndipo ndikufuna achinyamata adziwe chifukwa chomwe akuluakulu a mumzinda uno sationa ngati alendo pamaliro a Akatolika. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika, kudzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi. Mmodzi mwa osaina anali Ambuye Allan Chamgwera, episkopi wa Zomba nthawi imeneyo. Boma linati kalatayo ndi youkira, maepiskopi anaopsezedwa, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Ophunzira a pa Chancellor College anaguba m'misewu ya Zomba yomwe ino kuikira kumbuyo maepiskopiwo, ndipo si onse anali Akatolika. Chaka chomwecho a CCAP, a Anglican, Asilamu, maloya ndi amalonda anagwirizana ndi Akatolika n'kukhazikitsa Public Affairs Committee (PAC), yomwe inakambirana ndi boma mpaka riferendamu ya 1993. Ufulu wopembedza womwe a Mboni anaupezanso mu 1993, ataletsedwa kuyambira 1967, unadzera m'khomo lomwelo. Maliro n'kulirana, ndipo anthu awa tinayenda nawo pa nthawi yovuta.

Mayi Matewere: Zoona a Kaunde. Ndipo Papa ameneyu anatitchula ndi dzina. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, anapempherera Malawi poyera pamsonkhano wawo wa Lachitatu ku Vatican. Ndi iwonso anatumiza Ambuye Thomas Msusa kuchoka kuno ku Zomba kupita ku Blantyre mu 2013, anatipatsa Ambuye George Tambala, ndipo atawasamutsira ku Lilongwe anatipatsa Ambuye Alfred Chaima mu 2023.

Abiti Saidi: Ambuye Msusa aja anabadwira m'banja la Chisilamu ku Mangochi. M'mabanja mwathu kuno kummawa n'zosadabwitsa, mlongo kumzikiti, mchimwene kutchalitchi, maliro amodzi.

LACHITATU, 23 EPULO

Bambo Likaka: Ambiri mwandilembera kuti tisangothera pafoni. Maganizo ndi awiri: kutumiza nthumwi kwa bambo mfumu wa parishi, ndiponso kuti ofuna akakhale nawo pa Misa yopempherera malemu. Mayi Matewere, ndinu wapampando wa mphakati, tiuzeni kuti munthu wa mpingo wina akalowa mu Misa achite chiyani.

Mayi Matewere: Khomo ndi lotsegula kwa aliyense, ndipo tsiku la Misa lidzalengezedwa kuparishi. Konzekerani maola awiri, pena kuposerapo kwaya ikakhala yambiri. Fikani mphindi 20 isanayambe ndipo uzani olandira alendo pakhomo kuti ndinu a mpingo wakuti kapena a kumzikiti, akupezereni malo ndipo akadziwitse wolengeza. Pakhomo pali kambale ka madzi odalitsidwa, Akatolika amaviika chala n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Inu ingodutsani. Kugwada musanalowe pabenchi sikukukhudzaninso.

Misa ili ndi zigawo ziwiri. Choyamba ndi cha Mawu a Mulungu: kuwerenga, salimo, Mthenga Wabwino ndi ulaliki. Anthu akaimirira imirirani, akakhala khalani. Chachiwiri ndi cha Ukaristia. Pamenepo anthu amagwada wansembe akamadalitsa mkate ndi vinyo. Mlendo akhale pansi mwachete, palibe adzamuyang'ane. Pomwe pamalakwika kawirikawiri ndi pa nthawi yolandira. Benchi yonse ikanyamuka, mlendo amachita manyazi kutsala yekha n'kulowa pamzere. Akafika kutsogolo sadziwa choyankha, ena amatenga Ukaristia n'kupita nawo pampando kapena kuika m'thumba, ndiye oyang'anira amawatsatira, zomwe zimachititsa manyazi onse awiri. Ife timakhulupirira kuti umenewo ndi thupi lenileni la Khristu, ndipo amalandira ndi Mkatolika yekha amene wakonzekera. Si kusala alendo, ngakhale Akatolika ena amatsala pabenchi. Ingopindani miyendo anzanu adutse.

Mbale ya chopereka ikafika, kuponya kapena kusaponya zili kwa inu.

Abiti Saidi: Nanga pamene amapatsana moni wa mtendere? Amayi ena achisilamu sagwirana chanza ndi abambo.

Mayi Matewere: Ikani dzanja pachifuwa n'kuweramitsa mutu pang'ono, zakwana. Ndidzawauziratu a mumphakati kuti asakakamize. Hijab ndi kofia musavule, nsapato musavule.

Shehe Jafali: Ndinene kuti pa nkhani yolowa m'tchalitchi nthawi ya mapemphero ma ulama amasiyana. Ena amalola ngati cholinga ndi chipepeso ndipo munthu sakuchita nawo mwambo, ena amaletsa chifukwa cha mafano ndi mitanda. Msilamu amene mtima wake sukumulola asakakamizidwe ndipo asanyozedwe. Iye apite ndi nthumwi kunyumba ya ansembe, kapena adikire panja n'kupepesa Misa ikatha. Ine ndidzakhala m'gulu la nthumwi.

Bambo Kachingwe: Kanthu kena kwa amene mudzabwere: sabata ino ndi ya Pasaka, ndiye musayembekezere nyimbo zachisoni zokhazokha. Mudzamva Aleluya ndipo wansembe adzavala zoyera, chifukwa masiku asanu ndi atatu a Pasaka ali ndi mapemphero akeake omwe sasinthidwa. Mukatchera khutu m'pemphero la Ukaristia, pomwe timatchula Papa ndi episkopi wathu, dzina la Papa lidumphidwa, atchula episkopi yekha mpaka wina atasankhidwa. Masiku asanu ndi anayi a kulira ayamba Loweruka pa tsiku la maliro ndipo atha pa 4 Meyi. Ndiye amene simungathe sabata ino, nthawi yopepesa ikadalipo.

Ndichenjezenso. Palibe chopereka cha maliro a Papa chomwe chikutoleredwa kudzera panambala ya foni. Bokosi, manda, zonse zakonzedwa kale ku Rome. Munthu akakupatsani nambala ya Airtel Money kapena Mpamba m'dzina la zimenezi, funsani kuparishi musanatumize. Chopereka chilichonse chovomerezeka chimalengezedwa paguwa.

Mayi Kalonga: Ine funso langa ndi la kusukulu. M'kalasi mumakhala ana a zipembedzo zonse, kaya sukulu ndi ya boma kaya ya mishoni. Aphunzitsi anzanga akufunsa ngati pa asembule pangachitike pemphero.

Bambo Namate: Mayi, njira yosavuta ndi iyi. Mphunzitsi wamkulu alengeze m'mawu ochepa kuti wamwalira ndani ndipo anali ndani kwa Akatolika. Kenako onse aimirire chete mphindi imodzi, aliyense ndi za mumtima mwake. Pemphero la akufa kapena kolona achite ana a Katolika paokha pa nthawi yopuma kapena poweruka. Vuto limabwera mphunzitsi akalamula ana onse kubwereza pemphero, mwana wa Mboni kapena wa Chisilamu n'kukhala duu, n'kupatsidwa chibalo. Mawa lake makolo ali pageti, ndipo nkhani ya maliro yasanduka ya ufulu wa mwana. Tinaona mmene nkhani ya hijab m'sukulu za mishoni inavutira kummawa kuno mpaka PAC inayanjanitsa mbali zonse mu 2021. Tisadzutse zogona.

Bambo Nakhumwa: Ndikugwirizana nazo. Ndipo pamndandanda wa nthumwi musalembe a Mboni popanda kuwafunsa. Iwo sachita nawo mapemphero ophatikiza zipembedzo, koma amapepesa mnansi payekha pakhomo. Kukhala chete kwawo pagulu pano si chidani.

Che Mussa: Nanga wolowa m'malo? Anthu akuti tsopano ndi nthawi ya munthu wakuda, ena akuti malemuwa ndi Papa womaliza malinga ndi ulosi.

Bambo Kachingwe: Ulosi umenewo amati ndi wa Malachy, episkopi wakale wa ku Ireland, koma unatulukira m'ma 1590, patatha zaka zoposa 400 mwiniwakeyo atamwalira, ndipo mpingo suuvomereza. Amautulutsa Papa aliyense akamwalira. Chisankho chimayamba pakati pa masiku 15 ndi 20 mpando utakhala wopanda munthu. Ovota ndi makadinala osakwana zaka 80, ndipo pano alipo 135. Mwa iwo 108 anasankhidwa ndi Papa Francis, ndipo 18 ndi a mu Africa. Malawi ilibe kadinala, ndiye palibe Mmalawi akavote. Amatsekeredwa mu Sistine Chapel, katchalitchi ka ku Vatican, opanda foni, amavota kawiri m'mawa ndi kawiri masana, ndipo wopambana ayenera kupeza magawo awiri mwa atatu a mavoti. Mapepala amatenthedwa: utsi wakuda ndiye kuti sanagwirizane, woyera ndiye kuti wapezeka. Mayina monga Peter Turkson wa ku Ghana ndi Ambongo akutchulidwa m'nyuzipepala, koma kulibe kampeni kapena mndandanda wa opikisana, ndiye uthenga uliwonse woti wakutiwakuti "akutsogola" ndi maganizo a wolembayo.

Bambo Likaka: Tibwerere ku za nthumwi. Tsiku liti?

Shehe Jafali: Lachisanu masana ayi, ndi swala ya Jumu'a.

Bambo Nakhumwa: Kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa, cha m'ma 5:25 masiku ano, mpaka Loweruka dzuwa litalowa ife tili pa Sabata. Maliro enieniwo sitidzaonera nanu chifukwa agwera pa nthawi ya mapemphero athu, musadzatiyese onyalanyaza.

Bambo Kaunde: Lamulungu m'mawa tonse tili m'matchalitchi, ndipo ansembe amakhala ku nthambi za parishi. Latsala Lachinayi.

Shehe Jafali: Lachinayi zili bwino, koma pakati pa swala za masana za Zuhr ndi Asr. Tikafika 1:30 n'kutuluka 2:15, tipeza Asr ya cha m'ma 3 koloko bwinobwino.

Mayi Matewere: Ndikadziwitsa wapampando wa parishi usiku uno kuti auze bambo mfumu, chifukwa kungotulukira mukhoza kupeza apita kukadzoza odwala. Nthumwi zisapitirire zisanu ndi chimodzi, chipinda cha alendo ndi chaching'ono. Wolankhula akhale mmodzi, ena angowonjezera mawu awiri atatu. Wansembe timamutchula kuti Bambo, episkopi timati Ambuye. Amene liwu loti Ambuye likukuvutani nenani kuti a Episkopi, sadzakhumudwa. Mukafuna kusiya kalata, ikhale ya tsamba limodzi, yosainidwa ndi onse, yopanda mavesi otsutsana. Envelopu ya chipepeso siyofunika.

Abiti Saidi: Ngati mukukonza kanthu kolandirira alendo, nyama isakhalepo kuti pasakhale kufunsana kuti wazinga ndani.

Bambo Nakhumwa: Ndipo ambiri a ife sitimwa tiyi wa masamba kapena khofi. Madzi kapena Sobo ndi mabisiketi zakwana.

Mayi Matewere: Ndamva zonse. Pomaliza bambo mfumu angafune kupemphera. Ndiwapempha kuti likhale pemphero lofunira chitonthozo otsala ndi mtendere wa dziko, kuti aliyense athe kukhalapo ndi mtima umodzi.

Shehe Jafali: Akamapemphera ife tidzakhala chete mwaulemu, sitidzayankha. Muwauziretu kuti asadabwe.

Tiyamike: Ine ku Misa sindidzapita, abusa athu sangalole. Koma kunyumba ya ansembe ndingapite ngati achinyamata akufunika.

Bambo Likaka: Ukufunika. Nthumwi ndi izi: a Shehe Jafali, Abiti Saidi, a Namate, a Nakhumwa, a Kaunde ndi Tiyamike. Wolankhula ndi a Kaunde poti ndiwo aakulu. A Namate lembani kalata ija muiponye pano isanakwane 9 koloko usiku uno kuti a Shehe ndi a Nakhumwa aione mawu ake tisanaisindikize. Tikumane pasiteji ya minibasi ya Matawale 1 koloko mawa, ndipo mayi Matewere akatidikire pageti la parishi.